MALIPIRO A MLEZI WA MWANA



Madzulo ano tikambirana za wanchito wina amene apezeka m'nyumba zambiri za m'tauni, ngakhale dzina lace silimveka kawiri-kawiri pa misonkhano ya anthu anchito. Wanchitoyo ndiye mlezi wa mwana. Iye ndiye atsala pakhomo ndi khanda pamene amace apita ku cipatala kukasamala odwala, kapena ku sukulu kukaphunzitsa, kapena ku msika kukagulitsa malonda. Funso lathu ndi lalifupi, koma ladanitsa anthu ambiri: kodi mlezi ayenera kulandira ndalama zingati, ndipo ciwerengero cimeneco cipezeka bwanji?

Tiyambe ndi kumene bvutoli linacokera. M'midzi ya makolo athu funso lotere panalibe. Mai anakhala pakati pa abale ace, ndipo pamene anapita kumunda kapena kudambo, mwana anatsala ndi agogo, kapena anaberekedwa kumbuyo kwa mkulu wace. Mlezi anali mwana wa pakhomo pomwepo. Sanalandire ndalama, pakuti iyenso analeredwa motero, ndipo anadziwa kuti tsiku lina ana ace adzaleredwa ndi ena a m'mbumba yomweyo. Ndico cifukwa cace akulu anati, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Inali ngongole yobwezerana, ndipo inabwezedwa ndithu.

Pamene matauni anakula, ku Blantyre ndi ku Zomba, ku Nkana ndi ku Luanshya, ndi ku Salisbury, mzinda umene lero uchedwa Harare, kunabuka mtundu wina wa nchito ya m'nyumba. M'nyumba za Azungu anchito ambiri anali amuna, ndipo anyamata a ku Nyasaland anachuka monga akhukhi kufikira ku Johannesburg. Malipiro ao anali ndalama pang'ono, poso wa ufa, nyemba ndi mcere, ndi kacipinda kuseri kwa nyumba ya bwana. Maora a nchito sanawerengedwe. Malawi ndi Zambia atalandira ufulu m'caka ca 1964, ndi Zimbabwe m'caka ca 1980, amai ambiri a mtundu wathu analowa nchito za malipiro, nafuna anthu otsala ndi ana ao. Tsono tinatenga miyambo iwiri ndi kuisanganiza. Kumudzi tinatenga maganizo akuti kulera si nchito yolipidwa, ndipo kwa bwana wakale tinatenga maganizo akuti wanchito wa m'nyumba alibe nthawi yoweruka. Mlezi wa makono asenza zonse ziwiri. Koma iye si mwana wa pakhomo panu, ndipo ana ace sadzaleredwa ndi mbumba yanu. Ngongole yace iyenera kubwezedwa ndi ndalama, pakuti palibe njira yina yoibwezera.

Taganizani nchito imene agwira. Aphika phala, nalidikira kuti lizizire, namwetsa mwana mosafulumira. Acapa matewera, awiritsa madzi akumwa, ayang'anira kuti wokwawa asafike pa mbaula kapena pa ndowa ya madzi, ndi kuti botolo la palafini likhale kutali. Ayenera kuzindikira msanga pamene thupi latentha, kapena pamene mwana wayamba kutsegula m'mimba ndipo liwombo lalowa, pakuti pa msinkhu umenewu matenda otere sacedwa kupha. Madokotala atiuza kuti masiku 1,000 oyamba, kucokera pamene mai atenga pakati kufikira mwana akwanitsa zaka 2, ndiwo masiku amene thupi ndi ubongo zikula mofulumira koposa, ndipo cimene casoweka pa nthawiyo ncobvuta kucibwezera. Ambiri a maora a masiku amenewo mwana wa m'tauni awathera kumbuyo kwa mlezi, ndipo mau ambiri oyamba awamva kwa iye. Ncodabwitsa kuti munthu sanyinyirika polipira makaniko wokonza galimoto yace, koma anyinyirika polipira amene asunga moyo wa mwana wace.

Maiko a dziko lapansi anacedwa kuona ici. Pa 16 June 2011, ku Geneva, bungwe la maiko onse loona za anchito, lochedwa International Labour Organization, linabvomereza Pangano la nambala 189, lonena za anchito a m'nyumba, ndipo alezi ali m'gulu lomwelo. Panganoli lifuna kuti wanchito wa m'nyumba apumule maora 24 otsatana sabata iri yonse, alandire ndalama zace m'manja mwace kosacepera kamodzi pa mwezi, auzidwe bwino-bwino za nchito yace, makamaka pa kalata yolembedwa, ndi kuti kumene kuli lamulo la malipiro ocepetsetsa, limkhudze iyenso. M'caka ca 2021 bungwe lomwelo linawerenga kuti anchito a m'nyumba pa dziko lonse analipo 75.6 miliyoni, ndipo mwa anai ali onse, atatu anali akazi.

Maboma athu atatu ali nao malamulo ao pa nkhaniyi. Ku Malawi lamulo la nchito la caka ca 2000 linaika maora 48 pa sabata monga malire a nchito ya masiku onse, ndipo wogwira masiku 6 pa sabata alandira chuthi ca masiku 18 pa caka. Malipiro ocepetsetsa a wanchito wa m'nyumba anali K38,000 pa mwezi m'caka ca 2021. Mu February 2024 anakwera kufika K52,000, ndipo mu June 2025 anafika K72,800, pamene anchito ena anaikidwa pa K126,000.

Ku Zambia lamulo loyamba la malipiro a anchito a m'nyumba linaturuka m'caka ca 2011. M'caka ca 2018 malipirowo anafika K993.60 pa mwezi, ndipo mu January 2024 anafika K1,300. Mwa ndalama zimenezi K1,100 ndiwo malipiro eni-eni, ndipo K200 ndi yoyendera, ya wanchito amene akhala kutali ndi nyumba ya bwana wace kopitirira makilomita 3.

Ku Zimbabwe anacita cinthu canzeru cimene tonse tingatengerepo phunziro. Anagawa anchito a m'nyumba m'magulu anai. M'caka ca 2011 wosamala pabwalo ndi maluwa anaikidwa pa madola 85 a ku America, wophika ndi wokonza m'nyumba pa madola 90, wolera mwana kapena wosamala nkhalamba pa madola 95, ndipo wosamala amene ali ndi setifiketi ya Red Cross pa madola 100. Kusiyana kwace nkocepa, koma mfundo yace iri poyera: kulera mwana ndi nchito yoposa kusesa, ndipo wophunzira alandire zoposa wosaphunzira.

Ziwerengero zimenezi zisintha ndi zaka, cotero musanapangane ndi munthu, funsani ku ofesi ya leba ya m'boma lanu. Koma cacikulu ndi ici: malipiro ocepetsetsa ali ngati maziko a nyumba, ndipo palibe munthu agona pa maziko. Ku Lusaka kuli bungwe lochedwa Jesuit Centre for Theological Reflection, limene mwezi ndi mwezi liwerenga mtengo wa zofunika za banja la anthu 5, monga umo Centre for Social Concern icitira ku Lilongwe. M'caka ca 2024 mtengowo unapitirira K10,000 pa mwezi mu Lusaka. Ndiye kuti K1,300 sinafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo 7 a zimene banja lifuna. Alezi ambiri ndi amai a ana, ndipo ena ndiwo okha adyetsa banja.

Tsopano tengani pensulo ndi pepala, tiwerengere pamodzi. Titenge ciwerengero ca ku Malawi ca 2025. Mwezi uli ndi masiku 26 a nchito. Mukagawa K72,800 ndi 26 mupeza K2,800 pa tsiku, ndipo mukagawa imeneyo ndi maora 8 mupeza K350 pa ora. Lamulo liti ora lopitirira lilipidwe kamodzi ndi theka, ndiyo K525, ndipo ora la tsiku lopumula lilipidwe kawiri. Mlezi amene agwira maora 10 pa tsiku waonjezera maora 2 tsiku liri lonse, ndipo pa mwezi maora amenewo akwana K27,300. Malipiro ace ocepetsetsa tsono ndi K100,100. Nanga uja wogona m'nyumba momwemo, amene adzuka 5 koloko m'mawa kukoleza moto, nagona 9 koloko usiku atatsuka mbale? Iye agwira maora 16 pa tsiku, ndiwo 96 pa sabata, kawiri kuposa malire a lamulo. Mukampatsa K72,800 muyesa mwatsata lamulo, koma ora lace mwaligula ndi K175, theka la mtengo wace. Inu a ku Zambia werengani cimodzi-modzi. Mwezi uli ndi maora 208 a nchito, ndipo K1,100 igawika pafupi K5.30 pa ora. Cotero funso loyamba popangana likhale la maora, ndipo la ndalama litsate pambuyo.

Mutapeza maziko, onjezerani monga mwa kulemera kwa nchito. Khanda la miyezi 4 silifanana ndi mwana wa zaka 5 amene apita ku sukulu m'mawa nabwera masana. Ana atatu safanana ndi mmodzi, ndipo banja likalandira mwana wina, malipiro a mlezi akwere mwezi womwewo, asanacite kupempha. Mwana wodwala-dwala kapena wolumala afuna luso ndi kuleza mtima kwapadera. Mlezi amene walera ana zaka 10, kapena amene anaphunzira cithandizo coyamba ca munthu wobvulala, abwera ndi cuma ca nzeru cimene mtsikana woyamba kumene alibe. Makamaka yang'anani nchito zoonjezera. Ambiri alembedwa kuti alere mwana, koma pakutha pa mwezi ali kucapa zobvala za banja lonse, kusita, kukolopa, kuphikira alendo ndi kutunga madzi. Zimenezo ndi nchito ziwiri. Mukafuna kuti munthu mmodzi azigwire, mlipireni monga wogwira ziwiri, ndipo dziwaninso kuti maso amene ali pa bafa la zocapa sali pa mwana.

Ena ati, "Koma adya nsima yathu, agona m'nyumba mwathu, sopo timpatsa ife." Nzoona, ndipo cakudya ndi malo ziri ndi mtengo wace. Koma tidzifunse, kodi agona m'nyumbamo cifukwa ca yani? Kawiri-kawiri ncifukwa ca ife, kuti mwana akalira pakati pa usiku pakhale womnyamula, ndi kuti m'mawa tisacedwe ku nchito. Pangano la ku Geneva lija lilola kuti gawo locepa lokha la malipiro likhale la zinthu, ndiponso wanchito atabvomera yekha. Nsima imene wadya kwanu siingalipire lendi ya amace, siingagule yunifolomu ya mwana wace. Citenje ca pa Khirisimasi ndi zobvala zakutha ndi mphatso, ndipo mphatso siwerengedwa pa malipiro.

Pali nkhani yina yowawa imene sitingailambalale. Mabanja ambiri atuma mau kumudzi kuti, "Tipezereni kamtsikana." Abwera mwana wa zaka 12 kapena 13, mwina mwana wa mbale, mwina wamasiye, atalonjezedwa sukulu. Malipiro palibe, cifukwa ati ndi wacibale. Sukulu icedwa caka cino, icedwanso caka camawa, ndipo pomaliza abwerera kwao alibe ndalama, alibe maphunziro. Apa mwambo wa makolo wagwiritsidwa nchito monga cophimbira. Mlezi wa kumudzi uja analera mng'ono wace pamaso pa amace, nasewera ndi anzace. Uyu ali yekha pakati pa alendo, ndipo akazunzidwa alibe kothawira. Ku Malawi sukulu ya pulaimale inakhala yaulere m'caka ca 1994, ndipo m'caka ca 2017 malamulo akulu a dziko anasinthidwa kuti mwana akhale munthu ali yense wosafika zaka 18. Ku Zambia maphunziro anakhala aulere kufikira ku sekondale m'caka ca 2022. Malo a mtsikana wotere ndi m'kalasi. Mukafuna kuthandiza mwana wa mbale wanu, mtengeni monga mwana, apite ku sukulu pamodzi ndi anu. Mukafuna wanchito, lembani munthu wamkulu, ndipo mumlipire ngakhale ali mbale wanu weni-weni.

Ndidziwa kuti ena a inu muli kunena mumtima, "Nanga ife malipiro athu ali ocepa, tidzazitenga kuti?" Funso limeneli nloona. Mphunzitsi, namwino ndi mai wogulitsa tomato si mabwana olemera, ndipo popanda wotsala ndi mwana nchito yao iima. Koma munthu amene ndalama zace zikwana nusu ya thumba la ufa sauza wogulitsa kuti ampatse thumba lathunthu. Agula nusu. Coteronso, ngati simungathe kulipira maora 10, gulani maora 5, ndipo mlezi akhale womasuka kukacita geni kapena ganyu masana. Mabanja awiri oyandikana angathe kulemba mlezi mmodzi, ali onse napereka gawo lao, ndipo mleziyo alandira zoposa zimene banja limodzi likadampatsa. Mwana wa zaka 3 angathe kupita ku sukulu ya mkombaphala m'mawa. Atate naonso angathe kusambitsa mwana ndi kumgoneka akaweruka, kuti mlezi apite kwao dzuwa lisanalowe. Mutu umodzi susenza denga. Njira ziripo zambiri, koma kubisa kusauka kwathu m'thumba la munthu wosauka koposa ife si imodzi ya izo.

Malipiro opangana lero sakhala ndi mphamvu yomweyo caka camawa. Kwaca ya Malawi inatsitsidwa ndi magawo 25 pa 100 mu May 2022, ndiponso ndi magawo 44 pa 100 mu November 2023, ndipo mitengo m'sitolo inatsata. A ku Zimbabwe akumbuka caka ca 2008, pamene ndalama yolandira m'mawa inali yopanda pace madzulo. Cotero tsiku lopangana lembani pa pepala mtengo wa thumba la cimanga la makilogalamu 50, kapena wa thumba la ufa la makilogalamu 25, ndipo onani kuti malipiro agula matumba angati. Pakatha miyezi 6 yang'ananinso. Ngati matumba acepa, malipiro atsika, ngakhale nambala siinasinthe.

Pangano likhale lolembedwa, m'cinenero cimene onse awiri acimva, ndipo ali yense asunge pepala lace. Lichule nchito zimene adzagwira, ora loyamba ndi ora loweruka, tsiku lopumula, malipiro ndi tsiku lolandira, masiku a chuthi, zocita akadwala kapena akagweredwa maliro, ndi masiku a cenjezo pofuna kusiyana. Lipirani pa tsiku lace, mwezi ndi mwezi. Musanene kuti, "Ndikusungira, udzalandira pa December," pakuti phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, ndipo milandu yambiri ku leba iyamba ndi mau amenewo. Ndalama ipite kwa mwini, isapite kwa azakhali ace kapena kwa munthu amene anampezera nchito. Mukalipira pa manja, asaine m'kabuku. Mukatumiza pa lamya, monga pa Mpamba, Airtel Money kapena EcoCash, uthenga wace ukhala mboni. Ndipo mbale ikasweka mwangozi, kumbukani kuti mbale zisweka m'nyumba iri yonse, ngakhale m'manja mwa mwini.

Palinso mlezi wa kanthawi, woitanidwa madzulo amodzi pamene makolo apita ku ukwati, ku maliro, kapena ku nchito ya usiku. Ameneyu alipidwe pa ora, ndipo ora lace likwere kuposa la wa pamwezi, pakuti alibe chuthi, alibe citsimikizo ca mawa. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri agwira nchito za m'nyumba, lamulo liti munthu woitanidwa ku nchito alipidwe maora 4 ngakhale wagwira ocepera. Ndi muyeso wabwino kuutsata. Kumeneko wanchito wa m'nyumba anayamba ndi R15 pa ora m'caka ca 2019 pamene ena analandira R20, koma mu March 2022 anawalinganiza onse pa R23.19, ndipo mu March 2025 anafika pa R28.79. Mtengo uchulidwe asanabwere, ndipo akaweruka usiku, mperekezeni kapena mlipireni ulendo wofika pakhomo pace.

Kwa inu alezi amene muli kumva, mwina mwana ali kumbuyo pomwe pano, ndinena mau awa. Kufunsa za malipiro tsiku loyamba si mwano. Funsani mwaulemu, koma funsani zonse: ana ali angati, nchito nzotani, kuweruka nthawi yanji. Fikani pa nthawi, nenani zoona mwana akagwa kapena akakana kudya, ndipo pofuna kucoka, perekani cenjezo. Mukasiyana bwino, pemphani kalata ya umboni, pakuti kalata imeneyo idzakweza mtengo wanu pa nyumba yotsatira. Mukapeza mpata wophunzira cithandizo coyamba kapena kaleredwe ka ana, musautaye.

Ndipo kwa inu makolo, kumbukani kuti mlezi wolipidwa bwino akhalitsa, ndipo mwana wamng'ono afuna nkhope imodzi yoizolowera. Nyumba imene isintha alezi katatu pa caka iyesa kuti yasunga ndalama, koma amene alipira ndi mwana. Cotero usiku uno, ana akagona, atate ndi amai khalani pansi ndi pepala lija. Werengani maora a sabata yathayi, gawani malipiro, ndipo onani mtengo umene muli kugulira ora la munthu amene mwamsiyira mwana wanu. Mukapeza kuti wacepa, muitaneni mawa mukambirane.